Boma likafufuza nkhanza zochitikira ana m'sukulu ndi m'malo osungira ana, chimasintha n'chiyani?

Nachisale
Moni nonse pagulu pano. Nkhani ndabwera nayoyi ndi yolemera, ndiye amene ingawadzutsire mabala akale asadzikakamize kuwerenga. Mu Julayi 2024 komishoni yomwe boma la New Zealand linakhazikitsa mu 2018 inatulutsa lipoti lake lomaliza. Inapeza kuti mwa anthu pafupifupi 650,000 amene anasungidwa ndi boma komanso mipingo kuyambira 1950 mpaka 2019, ana ndi akulu ofunika chisamaliro, pafupifupi 200,000 anachitidwa nkhanza. Kumenyedwa, kugwiriridwa, kumanidwa chakudya, kutsekeredwa m'kachipinda kwa okha. A mtundu wa Māori, eni dziko a kumeneko, anali ochuluka mopitirira muyeso pakati pawo. Pachipatala cha Lake Alice, m'zaka za m'ma 1970, ana ankawalanga powagwiritsa magetsi popanda mankhwala oletsa ululu. Dokotala amene ankayang'anira chigawo cha ana pachipatalapo, Selwyn Leeks, anasamukira ku Australia n'kumwalira mu 2022 asanaimepo pakhothi pa mlanduwu. Nduna yaikulu Christopher Luxon inapepesa m'nyumba ya malamulo mu Novembala 2024.

Ireland, Canada, Australia, England, Scotland, onsewa anachita kafukufuku wotere. Funso langa kwa inu ndi ili: kodi zimathandiza, kapena ndi njira ya boma yoziziritsira mitima ya anthu basi?

Bambo Mbewe
Mayi Nachisale, ine ndiyankha mosapsatira. Wogwirira mwana malo ake ndi kundende. Ntchito imeneyo ndi ya apolisi ndi makhothi. Kafukufuku wa ku England ndi Wales adalengezedwa mu 2014, lipoti lomaliza n'kudzatuluka mu Okutobala 2022, atawononga mapaundi opitirira 180 miliyoni. Mwa ndalama zonsezo, mamiliyoni ochuluka adapita kwa maloya. Ndalamazo zikadapita kwa ofufuza milandu ndi kwa alangizi othandiza ana ovulazidwa, bwenzi zitagwira ntchito yooneka.

Jere
Bambo Mbewe, ndikumva kupweteka kwa mtima kwanu, koma khothi ndi komishoni sizigwira ntchito imodzi. Khothi limafunsa funso limodzi lokha: kodi munthu uyu anachita chinthu ichi kwa mwana uyu? Likayankha, latha. Silifunsa kuti ndani anamulemba ntchito, ndani analandira dandaulo loyamba n'kulitsekera m'kabati, ndani anamulembera kalata yomuyamikira pomusamutsira kusukulu ina. Mafunso amenewo ndi a komishoni. Ndipo ikakhala ndi mphamvu zokwanira, imatha kulamula bishopu, mkulu wa sukulu kapena mlembi wa unduna kuti abwere ndi mafayilo, alumbire, ayankhe pamaso pa anthu.

Komanso si zoona kuti apolisi amatsalira. Komishoni ya ku Australia, imene nduna yaikulu Julia Gillard inalengeza mu Novembala 2012 ndipo inatsogozedwa ndi jaji Peter McClellan, inapereka nkhani zopitirira 2,500 kwa apolisi ndi akuluakulu ena a malamulo. Milandu imeneyo sikanadziwika popanda anthu kupatsidwa malo olankhulira.

Bambo Mbewe
Nanga anthuwo adalekeranji kupita kupolisi kalelo?

Mayi a Tadala
Ambiri anapita bambo, kapena anauza wamkulu wina, koma sanakhulupiriridwe. Ena anawabweza kumalo komwe anathawako n'kukawamenya chifukwa chothawa. Ndipo mwana wa zaka 9 amene ali m'manja mwa munthu yemwe amamupatsa chakudya, amamutsekera chitseko usiku, amawerenga makalata ake asanatumizidwe, angapite kupolisi yake iti? Ku Australia anthu opitirira 8,000 anakalankhula ndi makomishonala mwamseri, ndipo zinaoneka kuti mwapakatikati munthu ankatha zaka pafupifupi 24 asanauze wina aliyense. Ena anakaulula koyamba ali agogo, mkazi kapena mwamuna wawo asakudziwa n'komwe.

Aphunzitsi Opuma
Ndilowepo pang'ono ana anga. Ine imene idandigwira mtima kwambiri ndi ya ku Ireland, chifukwa ikuonetsa mmene dongosolo lenilenilo lidapangira mpata nkhanza. Kumeneko makhothi ankatumiza ana osauka, amasiye, obadwa kwa mayi wosakwatiwa, ngakhale ongojomba kusukulu, kumalo ngati Artane, Letterfrack ndi Goldenbridge, oyendetsedwa ndi abulazala ndi masisitere. Boma linkalipira ndalama pa mutu wa mwana aliyense. Ndiye ganizirani: mwana akachoka, ndalama zachepa. Mwana akadya pang'ono, ndalama zatsala. Mwana akagwira ntchito kumunda kapena m'chipinda chosokera, phindu lalowa. Simufunika munthu woipitsitsa kuti zinthu ziipe pamalo otero.

Oyendera sukulu a unduna wa maphunziro ankafika ndithu. Koma lipoti la jaji Sean Ryan la mu Meyi 2009 lidanena poyera kuti undunawo unkagonjera atsogoleri a zipani za mpingozo, ndipo madandaulo sankafufuzidwa moyenera. Ife tidagwirapo ntchito m'sukulu tikudziwa mmene tsiku la oyendera limakhalira ngati adziwitsiratu: paseseredwa, ana avala bwino, ndipo wamkulu saachoka pambali pa mlendo. Mwana anganene chiyani pamenepo?

Chinanso chimene chimandiwawa n'chakuti chenjezo lidalipo kale. Wansembe Edward Flanagan, amene adayambitsa Boys Town, malo olerera anyamata ku America, adayendera Ireland mu 1946 n'kudzudzula malo amenewa poyera. Akuluakulu a boma adamunyoza. Padatenga mtolankhani Mary Raftery kuonetsa nkhanizi pa wailesi ya kanema ya RTÉ mu 1999 kuti nduna yaikulu Bertie Ahern ipepese n'kulonjeza kafukufuku. Werengani nokha zaka zimene zidadutsa pakatipo, ndi ana angati adalowa pazipata zimenezo.

A Gama
Ine ndine Mkatolika ndipo sindikana zimene zinachitika. Zimandichititsa manyazi. Koma ndimaona ngati nkhanizi zikayamba, chala chimangoloza mpingo umodzi, ngati kwina konse kuli koyera. Pali ansembe ndi masisitere ochuluka amene anapereka moyo wawo wonse kulera ana bwino, ndipo lero akuyenda chozyolika chifukwa cha zochita za ena.

Nachisale
A Gama, mfundo yanu ili ndi pogwira. Komishoni ya ku Australia sinayang'ane Akatolika okha. Inafufuza Anglican, Salvation Army, Mboni za Yehova, sukulu za Ayuda, a Scouts, YMCA, magulu a masewera osambira, sukulu za boma ndi ndende za ana. Kwa Mboni za Yehova inapeza mafayilo a anthu 1,006 amene ananenezedwa kuyambira 1950, ndipo gululo silinapereke ngakhale mmodzi kupolisi. Lake Alice ija ndatchula inali chipatala cha boma. Ku Rotherham, ku England, wofufuza Alexis Jay anapeza mu 2014 kuti ana pafupifupi 1,400 anagwiriridwa pakati pa 1997 ndi 2013, ndipo amene analephera kumeneko anali khonsolo ndi apolisi.

Koma ziwerengero za mpingo wa Katolika sitingazithawe, chifukwa zinachokera m'mabuku a mpingowo. Anthu 4,444 anadandaula pakati pa 1980 ndi 2015, ndipo ansembe 7 mwa 100 alionse amene anatumikira ku Australia kuyambira 1950 mpaka 2010 ananenezedwa. Ansembe abwino mukunenawo anawaipitsira mbiri ndi atsogoleri awo amene anasankha kukwirira.

A Gama
Pa zokwirirazo sinditsutsa mayi. N'zimene zimandipweteka kuposa zonse, poti amene anakwirira ankalalikira za choonadi Lamulungu lililonse.

Chikondi
Ine chimene ndaona powerenga n'chakuti kachitidwe kake n'kofanana kulikonse, ngati anaphunzira kalasi imodzi. Mwana adandaula. Wamkulu aitana wolakwayo paseri, amudzudzula, wolakwayo alira n'kulonjeza. Kenako amusamutsa. Kumalo atsopanowo sawauza kanthu. Ku Ballarat ku Australia wansembe Gerald Ridsdale anamusamutsa parishi ndi parishi kwa zaka zambiri, ndipo kulikonse ankasiya ana ovulala.

Ndipo kusamutsako nthawi zina kumawoloka nyanja. John Smyth, loya wa ku England amene ankakwapula anyamata mwankhanza zoopsa, anthu ena a mpingo wa Anglican anadziwa za iye kudzera mu lipoti lamkati mu 1982. Sanapite kupolisi. Mu 1984 anasamukira ku Zimbabwe n'kuyamba misasa ya anyamata, ndipo mnyamata wa zaka 16 anafera pa umodzi wa misasayo mu 1992. Kenako anapita ku South Africa, komwe anamwalira mu 2018. Lipoti la Keith Makin linatuluka mu Novembala 2024, Justin Welby n'kutula pansi udindo wa bishopu wamkulu wa Canterbury. Umenewu unali kafukufuku wa mpingo, osati wa boma, ndipo taonani nthawi imene unatenga.

Jere
Achemwali a Chikondi mwakhudza pamene pali fupa. Bungwe silingadzifufuze lokha. Ngakhale boma lomwe, likamafufuza malo amene linkawalipira ndi kuwayendera, limakhala likudzifufuza. N'chifukwa chake kusankha wapampando kumavuta. Ku England wapampando woyamba, Elizabeth Butler-Sloss, anatula pansi patangopita masiku ochepa chifukwa mlongo wake Michael Havers anali loya wamkulu wa boma m'zaka za m'ma 1980, nthawi yomwe inkafunika kufufuzidwa. Wachiwiri, Fiona Woolf, anachokanso chifukwa chodziwana ndi nduna yakale Leon Brittan, imene zochita zake zinkafunika kufufuzidwanso. Wachitatu, Lowell Goddard, anachita kumutenga ku New Zealand, nayenso anasiya mu 2016. Alexis Jay anali wachinayi. Ku Ireland jaji Mary Laffoy, amene anayamba ntchitoyo Ryan asanabwere, anatula pansi mu 2003 podandaula kuti boma ndi unduna wa maphunziro sizikumuthandiza.

Bambo Mbewe
Ndiye mukundithandiza kunena zomwe ndikunenazo a Jere. Apampando anayi, zaka zisanu ndi zitatu, ndipo mfundo 20 zoti zitsatidwe zomwe Jay adapereka zili kuti? Mu Januwale 2025 mayiyo anali akadadandaulabe kuti boma silidazitsate.

Jere
Pamenepo ndikugwirizana nanu kwathunthu. Komishoni ilibe mphamvu yokhazikitsa lamulo. Ikapereka lipoti imatha, ogwira ntchito amabalalika, ndipo zotsalazo zili m'manja mwa andale amene mwina sanaifune n'komwe. Koma chosowekacho ndi wolondola pambuyo pa lipoti, wokhala ndi udindo wofunsa boma chaka ndi chaka kuti mfundo iyi mwafika nayo pati. Kafukufukuyo payekha sanalakwe.

Wobisa Dzina
Ndapempha a admin kuti anditumizire uthengawu popanda dzina langa. Ndinali pasukulu yogonera komweko, ndipo munthu amene ankatiyang'anira usiku anandichita zoipa. Ndinauza mphunzitsi wina amene ndinkamukhulupirira. Anandiyankha kuti ndisaipitse dzina la sukulu, mayeso ali pafupi. Munthu uja anachoka teremu yotsatira, tinangomva kuti wapeza ntchito kwina. Lero ndine wamkulu, ndili ndi ana.

Bambo Mbewe, ndikanakonda atamangidwa, inde. Koma chimene chimandidzutsa usiku si iye yekha. Ndi mphunzitsi uja. Ndimafuna kudziwa ngati anauza wina, ngati zinalembedwa penapake, ngati anadziwa kale ine ndisananene. Khothi silingandiyankhe zimenezo. Pakanakhala chipinda chimene ndingalowe, munthu waudindo n'kundimvetsera mpaka nditamaliza popanda kundifunsa kuti unalekeranji kukuwa, ndikanapita ngakhale asandipatse kalikonse.

Mayi a Tadala
Pepani m'bale wathu. Takumvani ndipo tikukukhulupirirani. Munali mwana, mlandu si wanu ngakhale pang'ono. Amene anayenera kuchita manyazi ndi akuluakulu awiriwo.

Bambo Mbewe
Pepani kwambiri mwana wanga. Mawu anu ndawamva.

Admin
Zikomo m'bale polimba mtima. Ndikupempha tonse: pasakhale wofunsa kuti ndi ndani kapena inali sukulu iti, pano kapena kumbali. Ndipo aliyense amene akudziwa mwana yemwe ali pachiopsezo panopa, asadikire gulu lino, akanene kupolisi kapena kwa oona za chitetezo cha ana komwe ali.

Aphunzitsi Opuma
Zimene wanena mwanayu zandikhudza monga mphunzitsi. Mawu akuti "usaipitse dzina la sukulu" ndi amene ali pansi pa malipoti onsewa. N'chifukwa chake mfundo imene imabwerabwera ndi yakuti kukanena kukhale lamulo: mphunzitsi, namwino, m'busa, mphunzitsi wa masewera, akamva kapena akaona, akanene kunja kwa bungwe lake, ndipo akapanda kutero akhale ndi mlandu. Ena amati lamulo lotere ndi loopseza aphunzitsi. Ine ndimaliona ngati lowamasula. Mphunzitsi wamng'ono amene akuopa kuchotsedwa ntchito angathe kuuza mkulu wake kuti bwana, si kufuna kwanga, lamulo likundikakamiza. Popanda lamulolo amangokhala yekha ndi chikumbumtima chake, mbali inayi kuli malipiro ndi ana ake omwe akufuna kudya.

A Gama
Apa ndi pomwe pamabwera nkhani ya kulapa. Komishoni ya ku Australia inati ngakhale zimene wansembe wamva m'chipinda cholapira zikanenedwe. Mabishopu mu 2018 anavomera mfundo zambiri koma iyi anaikana. Ine ndikuwamvetsa. Chinsinsi cha kulapa chikasweka, wolakwayo sadzabweranso kudzalapa, ndiye mwapindula chiyani?

Chikondi
Bambo Gama, nanga akakhala mwana amene wanena polapa, poganiza kuti tchimo ndi lake? Ana ambiri amaganiza choncho chifukwa wowachita zoipayo amawauza kuti nawenso walakwa. Wansembe angomudalitsa n'kumubweza komweko? Zigawo zina za Australia, monga Victoria ndi Queensland, zinakhazikitsabe lamulolo ngakhale mabishopu anakana.

A Gama
Wansembe wanzeru angamuuze mwanayo kuti ulibe tchimo, tiye tikalankhule panja kuti ndikuthandize. Zikanenedwa panja, palibe chinsinsi chomumanga. Koma ndikuvomera kuti zimenezo zikudalira nzeru ndi mtima wa munthu mmodzi, ndipo malipotiwa aonetsa kuti pamenepo ndi pomwe zinkagwera.

Tsoka Liyenda
Ndifunse funso limene ena akuopa kufunsa. Nanga onamiziridwa? Munthu atha kukwiyira mphunzitsi wake wakale, kapena kumva kuti kukubwera chipukuta misozi, n'kupeka nkhani. Ku England kunali Carl Beech, amene ananamizira akuluakulu a ndale ndi a asilikali, apolisi n'kumukhulupirira mpaka kusecha nyumba za anthu okalamba osalakwa. Mu 2019 anamulamula kukhala kundende zaka 18 chifukwa cha bodzalo. Ku Australia Kadinala George Pell anapezeka wolakwa, anakhala kundende, kenako khothi lalikulu linamumasula mu 2020. Dzina la munthu likaipa silibwereranso.

Jere
Funso labwino achimwene, ndipo siliyenera kuthawidwa. Bodza la Beech linavulaza anthu osalakwa, linavulazanso ozunzidwa enieni chifukwa anthu anayamba kuwakayikira. Koma taonani kusiyana kwake. Kumvetsera munthu mwaulemu ndi chinthu china, kugamula kuti wakutiwakuti ndi wolakwa ndi chinanso. M'zipinda zamseri za ku Australia, ngakhalenso mu Truth Project ya ku England komwe anthu opitirira 6,000 analankhula, palibe amene ankagamulidwa. Pamene komishoni inkafuna kunena kuti bungwe ili linalakwa apa, inkachita msonkhano wapoyera, maloya a mbali zonse alipo, zikalata zili patebulo.

Ndipo umboni wolemera kwambiri nthawi zambiri sunkachokera kwa odandaula. Unkachokera m'makalata a mabungwe eni ake. Wamkulu analemba ndi dzanja lake kuti m'bale wakuti wayambiranso, timuchotse pano anthu asanadziwe. Anthu 30 amene sanaonanepo, okhala mizinda yosiyana, akamafotokoza chipinda chomwecho ndi munthu yemweyo, fayilo n'kuvomereza, pamenepo palibe kupeka.

Nachisale
Mbali inanso ya nkhani ya mayinayi ndi ya ku Ireland. A Christian Brothers, abulazala amene ankayendetsa ena mwa malo aja, anapita kukhothi mu 2004, ndipo zotsatira zake n'zakuti lipoti la Ryan linatuluka ndi mayina opeka m'malo mwa mayina enieni a ozunzawo, ngakhale amene anali atamwalira kale. Ozunzidwa ambiri anakwiya kwambiri. Anadikira zaka 9, masamba pafupifupi 2,600, koma munthu amene anawawononga akutchedwa dzina lina.

Mayi a Tadala
Ndipo za ndalama kumeneko ndiye zowawitsa mutu. Mu 2002 boma linagwirizana ndi zipani 18 za mpingo kuti zipereke mayuro 128 miliyoni, boma n'kusenza zotsala zonse. Mtengo wonse unadzafika pafupifupi mayuro 1.5 biliyoni, wolipira msonkho ndiye ananyamula gawo lalikulu. Pamwamba pa apo, amene analandira chipukuta misozi lamulo linkawaletsa kuulula za mmene nkhani yawo inayendera ku bungwe lolipiralo. Munthu amene anamutseka pakamwa ali mwana, mukumutsekanso ali wamkulu.

Za nyumba za amayi osakwatiwa ndi makanda awo nazonso. Catherine Corless, mayi wofufuza mbiri ya kwawo ku Tuam, ndi amene anasonkhanitsa zikalata za imfa za ana 796 amene manda awo sankadziwika. Boma linachita kukankhidwa ndi iyeyo. Lipoti la mu Januwale 2021 linapeza kuti ana pafupifupi 9,000 anamwalira m'malo 18 amene anafufuzidwa. Koma pokonza chipukuta misozi, anasiya kunja onse amene anakhalamo ali ana kwa miyezi yosakwana 6. Ngati kuti kulandidwa kwa mayi ako uli ndi miyezi 5 sikupweteka.

Tsoka Liyenda
Koma ndalama ingalipire ubwana wa munthu?

Mayi a Tadala
Singalipire achimwene, palibe amene amanena choncho. Koma ambiri mwa anthuwa anatuluka osadziwa kuwerenga, ena analowa m'mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ena m'ndende, ntchito sinkawakhalitsa. Akufunika dokotala, mlangizi, pogona. Komanso mabungwe amamva msanga thumba likakhudzidwa kusiyana ndi pamene angodzudzulidwa. Ku Australia komishoni inati malire a chipukuta misozi cha munthu mmodzi akhale madola 200,000, boma n'kutsitsa kufika pa 150,000 poyambitsa ndondomekoyo mu Julayi 2018.

Aphunzitsi Opuma
Tisaiwale Canada, chifukwa kumeneko nkhanza siidali ngozi ya dongosolo, idali cholinga chake. Ana pafupifupi 150,000 a eni dziko adachotsedwa kwa makolo awo n'kuikidwa m'sukulu zogonera komweko zolipiridwa ndi boma, zoyendetsedwa ndi mipingo, kuti aiwale chilankhulo ndi miyambo yawo. Kulankhula chinenero cha amako kudali mlandu wokwapulidwa nawo. Dokotala wa boma lomwelo, Peter Bryce, adalemba mu 1907 kuti ana akufa ndi chifuwa chachikulu mochuluka moopsa chifukwa cha kuthithikana ndi kusowa mpweya wabwino m'zipinda zogona. Adamunyalanyaza n'kumuika pambali. Sukulu zomaliza zidadzatsekedwa m'zaka za m'ma 1990.

Komishoni ya choonadi ndi kuyanjana, yotsogozedwa ndi jaji Murray Sinclair, idamva anthu opitirira 6,500 n'kumaliza mu 2015 ndi mfundo 94. Idalemba chiwerengero cha ana opitirira 3,000 amene adafera m'sukuluzo, ndipo chiwerengerocho chakhala chikukwera. Koma idalibe mphamvu yokakamiza munthu kubwera kudzapereka umboni, ndipo idachita kutengera boma kukhothi kuti lipereke zikalata zake. Boma lomwe lidapepesa kudzera mwa nduna yaikulu Stephen Harper mu 2008, lomwelo n'kumakanirira mafayilo.

Chikondi
Aphunzitsi, ndiye kwa inu ku Canada zinathandiza kapena ayi?

Aphunzitsi Opuma
Chimodzi chidatheka mwanawe, ndipo sichochepa: lero palibe mtsogoleri wa ku Canada angaime n'kunena kuti sizidachitike, kapena kuti zidali zazing'ono. Ana a sukulu akuphunzira mbiri imeneyi. Papa Francis adapita yekha mu Julayi 2022 kukapepesa. Koma mfundo 94 zija zambiri zikadali panjira, ndipo ana a eni dziko akadali ochuluka mopitirira muyeso pakati pa ana amene boma limawachotsa kwa makolo. Ku New Zealand n'chimodzimodzi ndi ana a Māori. Lipoti limakamba za dzulo, pomwe khomo lomwe anawo ankalowera likadali lotseguka.

Bambo Mbewe
Ndamvetsera nonse. Ndikuvomera kuti kutsegula mafayilo ndi kumva anthu n'kofunika, makamaka nditamva m'bale wathu uja. Koma pa nthawi sindisuntha. Anthuwa ndi okalamba. Mukamati dikirani lipoti zaka 7, kenako dikirani nyumba ya malamulo, kenako lembani mafomu, mukudziwa kuti ena sadzafika.

Jere
Zimenezo zinachitikadi ku Northern Ireland. Jaji Anthony Hart anapereka lipoti lake mu Januwale 2017, mwezi womwewo boma la chigawocho linagwa chifukwa cha mikangano ya ndale, ndipo panalibe nduna yoti isayine kalikonse. Lamulo la chipukuta misozi linadzadutsa ku London mu Novembala 2019. Hart mwiniwake anali atamwalira mu Julayi chaka chomwecho, ndipo ozunzidwa angapo anali atatsogola kale. Kupepesa kwa boma kunadzabwera mu Malichi 2022.

Nachisale
Ku Scotland anayesa kutseka mpata umenewo. Kafukufuku wawo, amene akutsogoleredwa ndi jaji Lady Smith, anayamba mu 2015 ndipo watenga nthawi yaitali kwambiri. Koma amatulutsa zimene wapeza pa malo amodzi akangomaliza, osadikira lipoti lalikulu. Ndipo mu Epulo 2019 boma linayamba kupereka mapaundi 10,000 mwachangu kwa amene anali ndi zaka 70 kupita m'tsogolo kapena odwala matenda osachiritsika, kenako linatsitsa zakazo kufika pa 68. Sanadikire kuti jaji amalize.

Bambo Mbewe
Imeneyo ndiye ndikanaiika m'lamulo lokhazikitsa komishoni iliyonse, tsiku loyamba lomwelo, pamodzi ndi chiletso chakuti bungwe lililonse lisaotche kapena kutaya fayilo ya mwana aliyense kufikira kafukufuku atatha. A Jere, chiletso chotere chimatheka?

Jere
Chimatheka bambo. Kafukufuku wa ku England analembera mabungwe mu 2015 kuwalamula kuti asunge zikalata zonse zokhudza ana, ndipo pansi pa lamulo lawo la 2005 loyendetsera makomishoni, kuwononga dala umboni wofunika ndi mlandu. Lipoti lomaliza la Jay linapempha kuti zikalata zokhudza nkhanza zogonana kwa ana zizisungidwa zaka 75, poganizira nthawi imene munthu amatenga asanalankhule. La ku Australia linati zisachepere zaka 45.